Lezala Losathyola

Kwathu ku Chulu lezala ndi chinthu chothyola. Munthu akagula kuokala, asanafike n'komwe pakhomo amakhala atalipinda kale lili m'kapepala kake, thyo, zidutswa ziwiri. China asongolera pensulo mwana wa sukulu, china awengera zikhadabo, kudulira ulusi wosokera fodya, kutumbulira chiguduli, kuchotsera minga kuphazi. Chikabuntha achisomeka kudenga. Mukawafunsa anthu akwathu kuti kodi bowo lalitali lokhotakhota lili pakati pa lezalali ndi la chiyani, akuyankhani mosaphethira kuti opanga anaikapo kuti lizithyoka bwino. Ena amati ndi kuba chabe, akuumira chitsulo. Ndinamvapo bambo wina wamkulu ndithu, wotumiza mabelo ake ku okushoni chaka ndi chaka, akulumbira kuti bowolo ndi lokolekera pa msomali. Anthu oti amasiyanitsa tsamba la fodya ndi linzake pongolikhudza, koma chinthu chimene akhala nacho m'thumba moyo wawo wonse sanadzifunsepo kuti chinapangidwira chiyani.

Bambo anga ankadziwa. Anali ndi kachitsulo kometera ndevu kamene anagula ali mnyamata, nthawi imene ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya kufupi ndi boma. Iwo ankangoti mpini wa lezala. Kanali kolemera m'manja, kotuwa chifukwa cha zaka. Ukapotokola chogwirira chake kankamasuka n'kukhala zidutswa zitatu: chogwiriracho, kambale kapansi kokhala ndi mano ngati chipeso, ndi kachivundikiro kokhala ndi timisomali. Lezala lathunthu linkagona pakati, timisomali tija n'kulowa m'bowo lija ndendende, osasiya mpata woti ligwedezeke. Ukamanganso, lezala linkapindika pang'ono n'kubisala, kumangosuzumira kamlomo kochepa, kokwanira kudula tsitsi koma kosakwanira kulowa m'mnofu. Amene anaganiza kachitsulo kameneka sankakhulupirira dzanja la munthu, ndipo ine ndimamupatsa ulemu chifukwa cha chimenecho.

Lero lowani m'mashopu a pa boma pano, pomwe ndimaphunzitsa, mukaone zimene akutigulitsa. Timapulasitiki tabuluu ndi tachikasu, topepuka ngati chitsononkho, timalezala titathithikana m'kamutu kosamasula. Kakabuntha umataya konse, mutu ndi mpini womwe. Ndi mlimi uti amene amataya mpini chifukwa khasu labuntha? Papaketi ajambulapo mwamuna wa chibwano chosalala amene ndikukayika ngati anamerapo ndevu chibadwire. Opangawo tsitsi lathu sanalionepo, kapena analiona koma sanasamale. Ndikamadutsa pa shelefu imeneyo ndimatsonya, ndipo atsikana ogulitsa amayesa kuti ndikudandaula mtengo. Sadziwa kuti ndimakhala ndikukumbukira m'mawa umene tinameta maliro a bambo.

Bambo anamwalira nyengo yothyola fodya, mvula ili pakati, zigafa zisanadzaze. Ndife anthu opemphera, ndipo abusa safuna kumva za kumeta maliro. Koma kwathu anthu amaimba nyimbo za m'buku kumanda lero, mawa lake m'mamawa n'kusonkhana kuseri kwa chigafa ndi malezala, akulu a mpingo asanabwere kudzapepesa. Ena mwa akuluwo amafika atavala zipewa zimene dzulo lake analibe, ndipo palibe amawafunsa. Woyamba kumetedwa ndi mkazi wamasiye, ndipo womumeta amakhala mlongo wake wa malemu. Mutu umenewo usanathe palibe wina amametedwa, ndiponso palibe amabwerera kumunda.

Vuto linali mutu wa amayi. Amayi ali ndi matenda a shuga, ndipo thupi lawo silidziwa kutseka bala. Chaka china chitsa cha fodya chinawabaya chala chakuphazi, kabala koti mwana akhoza kuthamanga nako, koma kanadya dzinja lonse, kanayamba kununkha, mpaka kuchipatala anachidula chalacho. Adokotala anawauza ine ndili pompo kuti ngakhale zikhadabo asamawenge ndi lezala. Tsopano inali nyengo ya chinyezi ndi ntchentche, ndipo mutu si chala choti angadule n'kukubwezani kwanu. Kukana kumeta nakonso kunali kosatheka. Amayi ndi a ku Kaluluma, anabwera pamudzipo pa chitengwa, ndipo mkazi wobwera akakana kumetera mwamuna wake, mudzi sumasowa chonena. Anayenera kumetedwa basi, koma osatuluka magazi ngakhale dontho.

Wowameta anali azakhali, mlongo wawo wa bambo. Azakhali ndi mayi wamfupi, wa mawu okoma pa mapemphero, amene chiyambire sanawakhululukire amayi pa milandu iwiri: kuyankhula Chichewa chopendekera ku Chitumbuka, ndi kukondedwa ndi bambo. Kumeta ankadziwa, ndisawanamizire. Chidutswa cha lezala chikakhala pakati pa zala zawo chinkayenda pamutu pa mwana iye osadziwa kuti akumetedwa. Koma dzanja lomwelo likafika pa mkazi amene sakumufuna linkayamba kuterereka. Kuseri kwa khutu, kunkhongo, paliwombo. Magazi akatsika ankapukusa mutu mwachisoni n'kunena kuti mutuwu wakana lumo, ndipo amayi okhala pamphasa ankayang'anizana, poti kwathu amakhulupirira kuti mkazi akatuluka magazi pometa ndiye kuti anali ndi kanthu kumtima pa mwamuna wakeyo. Ndinawaonapo akazi amasiye a pabanja pathu akuchoka m'manja mwa azakhali atamanga duku lonyowa, ndipo ena a iwo sanakhalitse pamudzipo. Mudzi wonse unkadziwa kuti choterereka si lumo, koma kunali kokoma kunamizira kusadziwa.

M'mawa umenewo amayi anakhala pa chiguduli kuseri kwa chigafa, atavula duku, tsitsi lawo laimvi litafupikitsidwa kale ndi sizasi. Fodya anali lendelende pa mikangala, fungo lake likutsamwitsa. Azakhali anafika ndi beseni la madzi, sopo, ndi kansalu komanga mfundo. Ndisananene kanthu anatulukira achimwene anga, amene amagwira ntchito ku Lilongwe ndipo anabwera pa galimoto yobwereka yomwe ankaipukuta pafupipafupi maliro ali m'nyumba. Ndinali nditawauza za mantha anga, ndipo iwo anati ndisadandaule, zonse akonza.

"Azakhali, zimenezo n'zachikale," anatero achimwene akung'amba paketi. "Ndabweretsa zamakono. Izi sizicheka munthu. Muli malezala atatu umu, ndipo mutu wakewu umatsata mmene khungu likupitira. Onani kamzere aka, ndi kamankhwala kofewetsa."

Azakhali analandira kapulasitiki kaja ndi manja awiri, ulemu umene unandidabwitsa. Ndinazindikira pambuyo pake kuti ankadziwa kale mathero ake, poti mitu ameta yambiri. Anapaka sopo, anakoka, anakokanso. Kenako kanayamba kungoterereka pamwamba, tsitsi litatsekera pakati pa timalezala tija. Anakaviika m'madzi, tsitsi osatuluka. Anakagogoda pamwala, kamutu kaja n'kuguluka kugwera m'matope. Achimwene anapereka kena, kenanso, akufotokoza kuti vuto ndi kagwiridwe, mpaka anagwada pansi ndi buluku lawo la kuofesi n'kumatokosa timalezalato ndi kaudzu. Paketi inatha amayi atametedwa kamalo kosakwana chikhatho cha mwana.

"Zatha za kutauni?" anafunsa azakhali. "Chabwino. Tsopano tichite zathu za anthu osaphunzira."

Anamasula mfundo ya kansalu kaja. Munali zidutswa za malezala, zonyezimira, mulu ndithu. Anasankha chimodzi, n'kuchiyesa pa chikhadabo.

"Azakhali, amayi sangametedwe ndi lezala la pamanja," ndinatero. "Za shuga wawo mukuzidziwa."

"Ine ndinayamba kumeta anthu iwe usanabadwe, aphunzitsi. Ngati alamu angawa alibe kanthu kumtima, akuopa chiyani?"

Amayi a pamphasa anaweramitsa mitu, makutu ali tcheru. Ndinapsa mtima, ndipo mu mkwiyo womwewo ndi mmene ndinakumbukira kachitsulo kaja.

"Pali mpini wa lezala wa bambo uja. Muwametere umenewo."

"Katundu wa malemu wamangidwa," anatero azakhali. "Sakhudzidwa mpaka abale atakhala pansi. Kapena kusukulu kwanuko mumaphunzitsa kuti mwana azipisa m'thumba la bambo wake manda asanaume?"

Apa ndi pamene amayi anayankhula koyamba chiyambire m'mawa. Sanadzutse mutu.

"Yayi, suli m'katundu wawo. Uli m'kachitini kanga ka singano, kumutu kwa bedi. Katenge, mwana wanga."

"Ukufunamo chiyani m'chitini mwanu, alamu?"

"Ndine ndinkawameta. Manja awo anayamba kunjenjemera kalekale. Inu simunaone."

Nanenso sindinaone, ndipo zinandipweteka. Ife ana tinkangoona bambo akulowa m'tchalitchi chibwano chili see, n'kumati nkhalamba ikudziwa kudzisamala. Koma anali amayi, Loweruka lililonse, chitseko chili chotseka, kuti mudzi usadziwe kuti mwamuna amene ankasoka fodya mofulumira kuposa aliyense sakuthanso kugwira chibwano chake. Azakhali, amene ankalira kumanda kuposa tonse kuti mlongo wawo palibe ankamudziwa ngati iwo, anangotafuna milomo.

Ndinathamanga kukatenga. Nditabwera ndinagwada pambali pa amayi, ndinapotokola chogwirira, kachitsulo n'kumasuka. M'kati munali lezala lakale, lathunthu, timandevu toyera ta bambo titamatirira m'mbali mwake. Ndinaliika pa tsamba la fodya n'kutambasula dzanja kwa azakhali.

"Ndipatseni latsopano. Losathyola."

Azakhali anaseka, ndipo aka kanali koyamba kuti aseke moona m'mawa wonsewo. Losathyola panalibe. Dzulo lake anali atakokolola malezala onse a kuokala, n'kukhala pansi kuwathyola limodzilimodzi kuti akwanire anthu. Azaumoyo anatiphunzitsa kale kuti mutu uliwonse uzikhala ndi lezala lake, ndipo ife tinamvera, koma mwa njira yathu: mutu uliwonse theka lake. Ndinafunsa pamphasa, ndinafunsa amuna amene anakhala pa zigubu chapatali. Aliyense anapisa m'thumba, m'chipewa, m'mphepete mwa chitenje, ndipo chilichonse chimene chinatuluka chinali chothyola. Mudzi wathunthu, wa anthu obatizidwa, odziwa kuwerenga sikelo ya fodya, unalibe lezala limodzi lokhala mmene analipangira.

Ndinayesa kugoneka zidutswa ziwiri m'kachitsulo muja, china uku china uku. Zinakana. Bowo lija likathyoka sipakhalanso chogwira timisomali, ndiye ukamanga chidutswa chimathawira kumbali, ngodya yake n'kutuluka kupyola mano a kambale. Chimenecho chikanawang'amba amayi kuposa dzanja la azakhali. Ndinamasula, ndinayesanso, thukuta lili kamukamu, azakhali akundiyang'ana atapinda manja. Achimwene anati athamangire ku sitolo za kumsika pa galimoto, koma msewu unali matope okhaokha, ndipo aliyense ankadziwa kuti galimoto imeneyo inafika pamudzipo mochita kukankhidwa.

"Dzuwa lakwera," anatero azakhali mokweza, kuti amuna aja amve. "Akulu a mpingo ali m'njira. Fodya wa anthu akupsa m'munda chifukwa cha mutu umodzi."

Amuna aja anayamba kung'ung'udza. Anthu omwewo amene dzulo lake ankati ataya mzati wa mudzi, lero maso anali ku minda yawo, ndipo akanalola amayi achekedwe ngati chinangwa bola iwo akathyole masamba asanafike masana. Azakhali anatolanso chidutswa chawo chija n'kuviika zala m'beseni.

"Bwezeramo lomwe watulutsalo," anatero amayi.

"Amayi, limenelo labuntha."

"Katenge tambula yagalasi ija, ndi madzi owira."

Nditabweretsa, anatola lezala lija pa tsamba. Asanaliviike anapukuta timandevu ta bambo ndi chala chachikulu, mosamala, n'kutigwetsera pa chiguduli pomwe panali tsitsi lawo. Kenako analitsuka m'madzi owira, analigoneka m'kati mwa tambula, n'kuyamba kulikhuza ku galasi ndi chala chimodzi, uku ndi uku, kutembenuza, uku ndi uku. Sanafulumire. Anthu onse aja, ndi fodya wawo wakupsayo, anadikira mayi wa ku Kaluluma akunola lezala la mwamuna wake. Atatha analigoneka pa timisomali, anavundikira, anamanga chogwirira osayang'ana n'komwe, n'kupereka kwa azakhali ndi manja awiri.

"Ichi si mwambo," anatero azakhali.

"Mwambo ukufuna lezala ndi dzanja lanu, alamu. Lezala ndi ili. Dzanja ndi lanulo."

"Metani, tikuchedwa," anatero mayi wina wachikulire pamphasa paja, ndipo azakhali anasowa pothawira.

Ndinaima kumbuyo kwawo, maso anga ali pa dzanja. Anayambira pamphumi. Tsitsi linkalowa pakati pa mano a kambale n'kugwera pansi, njira yoyera ikutseguka pamutu. Likadzaza ankangoviika m'beseni, lonse n'kuchoka. Atafika paliwombo ndinaona mitsempha ya padzanja pawo ikutukuka. Anakanikiza. Mano aja anatsamira pakhungu, lezala osapitirira pamene analilekezera. Anapendeketsa chogwirira cham'mwamba, kachivundikiro n'kunyamula lezala, osameta n'komwe. Anapendeketsa cham'munsi, mano n'kutchinga. Anafunafuna ngodya yoti dzanja literereke, koma kachitsuloko kanali ndi njira imodzi yokha yodulira, ndipo njira imeneyo inali ya tsitsi. Ndikanakhala kuti sindinali pa maliro a bambo anga ndikanaseka mpaka kugwa.

Koma azakhali si munthu wogona. Anali ataona mmene ndinkamasulira. Atafika kunkhongo, kumene anthu a pamphasa sankaona bwino, chala chawo chachikulu chinayamba kusisita chogwirira, pang'onopang'ono. Ine ndinaona chalacho koma sindinazindikire msanga chimene chinkachita. Kachitsulo kameneka kakamasuka pang'ono, lezala limawongoka, mlomo wake n'kutuluka wonse. Anakoka kamodzi, ndipo kulira kwake kunasintha, kunayamba kumveka ngati kakuphwephwera.

"Alamu," anatero amayi, mutu uli chiweramire, mawu ali phee. "Chamasuka. Mangani."

Amayi a pamphasa anadzutsa mitu onse pamodzi. Azakhali anayang'ana kachitsulo kaja ngati akukaona koyamba, anati zinthu zakalezi n'zosadalirika, n'kumanga. Ndinamva ndi makutu anga chogwirira chikufika pothera. Kuyambira pamenepo anameta mwamsangamsanga, nkhope ili gwa, kuseri kwa khutu ili, kuseri kwa linalo, mpaka anamaliza n'kuponya kachitsuloko m'beseni. Mawu aja oti mutu wakana lumo anali atawakonzera m'kamwa kuyambira tsiku limene bambo anamwalira, ndipo anawameza.

Otsala tonse tinametedwa ndi zidutswa zija. Achimwene anachoka ndi timabala tingapo, akudandaula kuti kuofesi akaoneka bwanji. Ine azakhali anandisungira kuseri kwa khutu lamanzere, ndipo anachita kulowetsa ndithu. Chipsera ndili nacho mpaka lero. Sindinalire, sindinawapatse ngakhale kakuti mayo, poti langa ndi thupi lopola. Amuna aja atangometedwa anabalalika kuthamangira ku minda, ena osatsanzika. Tsitsi lonse analikulunga m'chiguduli muja kuti akalikwirire, la amayi pamodzi ndi timandevu tija.

Anthu atachepa ndinawatengera amayi padzuwa, kutsogolo kwa chigafa, n'kuwakhazika pa mpando. Ndinawagwira mutu ndi manja awiri n'kuyamba kuufufuza, magazi anga akutsikira m'khosi. Ndinayang'ana pamphumi, paliwombo, ndinapinda khutu lililonse, ndinawaweramitsa kuti ndione kunkhongo kumene chinamasukira. Ndinabwerezanso, poopa kuti maso akundinamiza. Panalibe bala, panalibe ngakhale kokanda. Ndinangokhala pansi m'matope momwemo, n'kuyamba kulira kulira kumene kunandikanika kumanda.

Amayi anatulutsa kachitsulo kaja m'chitenje, poti anali atakavuula kale m'beseni anthu asanakaone. Anakapukuta, anakaika pamiyendo. Kenako anadutsitsa chikhatho pamutu pawo, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, pang'onopang'ono, n'kubwereranso.

"Usalire, mwana wanga," anatero. "Bambo ako andimeta bwino."